Mbali Yamasiye

Mwamuna amene ndikufuna kukwatiwa naye anatchuka Lachiwiri m'mawa chifukwa chonena kuti ukwati ndi ndende.

Nkhaniyo inandipeza ndili ndi mswachi mkamwa. Azakhali anaponya kanema pa gulu la pafoni la banja lathu, pansi pake n'kulemba funso limodzi lokha: "Kodi mkamwini wathu uja si ameneyu?" Anali yemweyo. Anavala malaya a buluu aja amene ndinamuletsa, choko kumanja, ataima pafupi ndi chitseko cha kalasi ngati mlaliki wa mumsewu.

"Ukwati ndi ndende ya makatani okongola," ankatero mu kanemamo. "Mkazi amasankha yekha makataniwo, amawachapa, amawasita, mpaka amaiwala kuti kuseri kwake kuli zitsulo."

Kanemayo anathera pomwepo. Ndinakhala pamphepete pa bafa, thovu likadali pakamwa. Loweruka la sabata yomweyo n'limene tinapangana kuti akaonekere kwa makolo anga.

Tonse timaphunzitsa pa yunivesite ya boma, iye za kaganizidwe, ine za chikhalidwe cha anthu. Ophunzira anamupatsa dzina loti Komano, chifukwa munthuyu sangakuyankhe osayamba ndi liwu limenelo. Ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula, amati, "Komano pakhonde sipakugwa." Kaphunzitsidwe kake n'kotere: amalemba chiganizo pa bolodi, ogwirizana nacho apite kumbali ya mawindo, otsutsa apite kumbali ya chitseko. Mbali imene yasowa anthu amaitcha mbali yamasiye, ndipo amaitenga iyeyo, kaya akuikhulupirira kaya ayi. Anaikirapo kumbuyo okhometsa msonkho, ananyozapo mpira pamaso pa anyamata, tsiku lina anatsutsa ngakhale malipiro ake omwe. Phunziro likamatha amawoloka kalasi n'kugwetsa yekha mfundo zake zonse. Wojambula kanemayo anadula asanawoloke.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si chimenecho. Mawu a makataniwo anali anga. Ndinamuuza ndine, tili awiriwiri, tsiku limene anayamba kutchula za ukwati. Iyeyo amakhulupirira ukwati mpaka amalira pa maukwati a anthu osawadziwa, ndipo zinamutengera miyezi kuti andifewetse.

* * *

Ndinamupeza mu ofesi yake akudya nthochi, miyendo ili pa desiki, nkhope ili ngwee. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Watchuka," ndinatero.

"Komano anandijambula mbali yoipa. Mphuno yanga si yotere."

"Iwe, unaba mawu anga."

"Ndinabwereka. Ana onse anathawira kumawindo, kuchitseko ndinatsala ndekha. Ndikanawapatsa mfundo zofooka akanaphunzira chiyani? Ndinafufuza m'mabuku, palibe wolemba amene anafika pa iwe."

Akazi anzanga amapatsidwa maluwa. Ine ndimauzidwa kuti ndaposa mabuku, kwinaku abale anga onse akundiimbira foni.

"Bambo anga ali mu khonsolo ya yunivesite ino. Waiwala?"

"Sindinaiwale. Andiimitsa kale kuphunzitsa mpaka khonsolo ikumane Lachisanu. Akuti ndikapepese pa wailesi ya yunivesite, ndilonjezenso kuti za mawindo ndi chitseko zatha."

"Ndiye kapepese!"

"Ndipepese chiyani? Kuti ndinaphunzitsa?"

"Upepese kuti ukhale ndi ntchito, ukhalenso ndi mkazi. Pepani ndi kaliwu kakang'ono, palibe anafa nako."

"Komano..."

"Ukanenanso komano ndikudyetsa khoko la nthochilo."

Anatsitsa miyendo. Akasiya kuseka munthu ameneyu amaoneka wamkulu, ndipo m'pamene ndimavutika kumukwiyira bwinobwino.

"Ndikapepesa, sabata yamawa aliyense pano adziwa kuti pali mbali zina zosaima munthu," anatero. "Ana aja asiya kuganiza, azingoyang'ana kumene kwaima anthu ambiri. Iwenso m'kalasi mwako umanena zoopsa kuposa zanga, kungoti sunajambulidwe. Koma usade nkhawa, sindiuza munthu kuti mawuwo ndi ako."

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zimandikwana naye. Munthu wolakwa umamukalipira n'kupepukidwa. Uyu ndinangomenyetsa chitseko chake n'kutuluka.

* * *

Pakhonde anandiimitsa a Wachiwiri. Amenewa ndi wachiwiri kwa mkulu wa nthambi yathu, mbeta ya mwamuna yovala suti ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anandifunsirapo, ndinawakana, koma kukanako anakutenga ngati nkhani yoti tidzakambirananso pa msonkhano wina. Tsiku la khonsolo amapita okha kukatenga bambo anga pa galimoto yawo, n'kuwatsegulira chitseko.

"Dokotala, lowani timwe tiyi."

Ndinalowa chifukwa ndi abwana. Tiyiyo sindinamukhudze.

"Kuno timalemekeza maganizo osiyanasiyana," anayamba motero, "bola akhale ogwirizana ndi a yunivesite."

"Ndiye asiyana pati?"

Anaseka ngati ndanena nthabwala. "Makolo akhala akuimba pa wailesi m'mawa wonse. Wina akuti mwana wake wathetsa chibwenzi chifukwa cha kanema ameneyu. Kuyambira lero mutu uliwonse wokambirana m'kalasi uzidzera kaye muno."

"Mwaonera phunziro lonse?"

"Kanema wathunthu sitinamupeze."

"Mwafunsa ophunzira amene analimo?"

"Ana sitingawavutitse, mayeso ayandikira." Anakankhira shuga kwa ine. "Kalasi ya mnzanu uja Lachinayi mukaphunzitsa ndinu. Mukangowawerengera manotsi, aliyense akhale pampando pake. Zoyendayenda m'kalasi ngati pamsika ayi."

Nditaimirira anawonjezera ndi mawu ofewa: "Ndikukumverani chisoni, Dokotala. Mkazi ngati inu amafunika munthu wokhazikika." Anakonza tayi yawo kuti ndimuone bwino munthu wokhazikikayo.

* * *

Nditaweruka ndinapita kwa makolo anga. Bambo anali mphunzitsi wamkulu wa sekondale kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero amalankhula ngati ana ali pamzere. Ndinawapeza pabalaza, magalasi ali pamphuno.

"Waonera?"

"Ndaonera, Bambo. Koma anadula. Mmene amaphunzitsira iyeyo..."

"Sindinafunse mmene amaphunzitsira. Munthu akufuna kulowa m'nyumba muno kudzapempha mwana wanga, kwinaku akuuza ana a eni kuti ukwati ndi ndende. Ndiye ine ndikupereke kwa woyang'anira ndende?"

"Sazikhulupirira zimenezo."

"Ndiye zafika poipa. Munthu wonena zimene sakhulupirira timamutcha chiyani?"

"Loya," ndinatero chapansipansi.

Sanaseke. "Akapepesa, Loweruka abwere, tidzamulandira. Akapanda kupepesa, Lachisanu dzanja langa likwera loyamba kuti achotsedwe, ndipo geti langa asadzaligwire."

"Inuyo munkatiuza kuti mwana wosafunsa mafunso akungotha mpando."

"Mafunso, osati chipongwe." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Anapukuta nthawi yaitali. "Makatani. Mawu amenewo anawatenga kuti?"

"M'mabuku mwina."

"Mabuku," anatero, n'kukweza wailesi.

Amayi anali kuchipinda chakumbuyo, akusita. Sanatembenuke.

"Pakamwa pako iwe," anatero.

Ndinatseka chitseko. Mawu amene Komano anabwereka kwa ine, inenso ndinachita kubwereka. Amayi anapeza malo ku sukulu ya unamwino ine ndili wakhanda. Bambo anati ana akadali aang'ono, udzapita chaka chamawa. Chaka chamawacho chikubwerabe mpaka lero. Amayi anandiuza nkhaniyo nditakula, akusita makatani a pabalaza pa tebulo lomweli, ndipo mawu a ndende aja anawanena mosakweza, ngati akundituma mchere.

"Amayi, sindinaganize kuti zifika pamenepa."

"Ndinauza iwe, mwana wanga wamkazi. Iwe ukauza chibwenzi, chibwenzi chikauza kalasi, kalasi ikauza dziko lonse. Azakhali ako andiimbira kuti tisale kudya, timupempherere mnyamatayo. Ine ndavomera. Ndikanati chiyani?"

"Bambo akudziwa?"

"Adziwa bwanji? Ndinawauzapo kamodzi, kalekale, titayambana, koma anali ndi nyuzi kumanja. Bambo ako akagwira nyuzi, ngakhale denga ligwe." Anatembenuza malaya n'kuwaza madzi. "Mnyamatayo apepese, nkhaniyi ife. Ine ndakula, sindikufuna kutchuka."

"Ndiye simunkanena zoona?"

"Ndinkanena zoona. Komanso bambo ako ndimawakonda. Zonse ziwiri zimakwana m'nyumba imodzi, bola osazitulutsa panja."

* * *

Lachitatu lonse tinathera pa foni, iye ku ofesi yake, ine ku yanga, khoma limodzi lokha pakati pathu.

"Amayi akuti upepese," ndinalemba.

"Ndamva kuti unamwa tiyi kwa a Wachiwiri."

"Sindinamwe."

"Komano unakhala pansi."

"Ntchito yako ikupita, ukwati wathu ukupita, iwe ukulondola makapu a tiyi?"

"Anakonza tayi?"

"Anakonza."

"Ndinadziwa."

Ndinaika foni chafufumimba pa desiki kuti ndisaiponye. Itanjenjemeranso ndinaitembenuza.

"Ndimakukonda. Mawa ukangowerenga manotsi. Usadziike m'mavuto, wochotsedwa ntchito mmodzi akwana pa banja."

Munthu wokana kunena pepani chifukwa cha ufulu wa mphunzitsi, akundiuza ine mphunzitsi mnzake kuti ndikatseke pakamwa.

"Ndiye ufuluwo ndi wa amuna ovala malaya a buluu okha?"

Pa foni panaoneka kuti akulemba. Analemba, anafufuta, analembanso. Kenako kunabwera liwu limodzi.

"Komano"

Ndinatseka nambala yake pa foni asanamalize. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinali nawo atatu, bambo, amayi ndi mwamuna wamakani, ndipo onse ankadontha.

* * *

Lachinayi kalasi inadzaza mpaka pa masitepe. Ena mwa anawo sindinawaonepo pa nthambi yathu, anangobwera kudzaona malo a ngozi. Pa bolodi chiganizo cha sabata yatha chinali chikadalipo, palibe analimba mtima kuchifufuta: "Ukwati umapindulitsa mkazi."

Ndinatsegula manotsi. Ndinali nditatsimikiza kumvera aliyense: amayi, a Wachiwiri, ngakhale Komano. Ndisanamalize tsamba loyamba chitseko chinatseguka, a Wachiwiri analowa, kumbuyo kwawo kuli bambo anga, chipewa chili kumanja.

"Pitirizani, Dokotala," anatero a Wachiwiri. "Abwanawa angofuna aone okha kuti zinthu zabwerera m'malo mwake khonsolo isanakumane."

Anakwera nawo mpaka mzere womaliza, n'kuwapukutira mpando ndi mpango. Ndinapitiriza kuwerenga. Mawu anga ankandigonetsa ngakhale ine ndemwe. Mtsikana wina wa pamzere woyamba, wa tsitsi lalifupi, anakweza dzanja.

"Madamu, mafunso akuloledwa, kapena nawonso aimitsidwa?"

Kalasi inaseka mobisa.

"Funsa."

"Sabata yatha aphunzitsi anati lero timaliza mtsutso uja. Ine ndinakonzekera kuima kuchitseko. Ndiye ndikufuna kudziwa ngati zili pa mayeso, kuti ndidziwe yankho lololedwa."

Yankho lololedwa. Mwana wa eni, makolo ake anamutumiza ku yunivesite, ndipo chimene waphunzira sabata ino n'chakuti afunse kaye yankho lololedwa. Ndinatseka manotsi.

"Imirirani nonse. Ogwirizana ndi chiganizo chili pa bolodi, kumawindo. Otsutsa, kuchitseko."

"Dokotala!" anatero a Wachiwiri kuchokera kumtunda.

"Mutuwu unalembedwa lamulo lanu lisanabwere, bwana. Sunafufutidwe."

Mipando inakhukhuluzika. Anawo anayang'ana kumbuyo kumene kunakhala bambo anga, anayang'anana, n'kuyamba kukhamukira kumawindo. Mtsikana wa tsitsi lalifupi uja anayenda masitepe angapo kulowera kuchitseko, anaona mafoni atakwezedwa m'mwamba, anabwerera n'kukadzipanikiza pakati pa anzake. Sindinamuimbe mlandu. Kumawindo anathinana mpaka ena kukwera pa madesiki. Kuchitseko kunalibe ngakhale ntchentche.

Ndinayenda ndekha kupita kumbali yamasiye. Chitseko cha kalasiyo chili ndi kagalasi pakati, ndipo nditafika pafupi ndinaona mphuno ija itakanikizidwa pa kagalasipo. Komano anali panja, poti mkati analetsedwa. Ankapukusa mutu mwamphamvu, akuloza manotsi anga, milomo ikunena kuti usatero. Ndinamufulatira.

"Mbali iyi ilibe mwini, ndiye ndiitenga ine," ndinatero. "Jambulani, koma mujambule mpaka kumapeto, chifukwa ndikamaliza ndiwoloka. Ndiyamba ndi funso. Ndani mwa inu amene amayi ake anasiya sukulu kapena ntchito atakwatiwa?"

Poyamba palibe anagwedezeka. Kenako dzanja limodzi linakwera, lina, linanso, mpaka kumawindo kunadzaza manja.

"Ndani amene bambo ake anasiya?"

Manja onse anatsika.

Ndinalankhula. Ndinanena za akazi amene amauzidwa kuti chaka chamawa. Ndinanena za ntchito ya m'nyumba imene imaoneka pokhapokha ikapanda kugwiridwa. Mnyamata wina ananditsutsa kuti amayi ake ndi osangalala, ndinamuuza kuti asunge mfundo yakeyo, ndi yabwino, ndiifuna ndikawoloka. Anawo anayamba kudzuka, kuyankha, kukangana okhaokha. Mtsikana uja anatuluka pagulu n'kudzaima pambali panga. Mtima wanga unatentha, lilime linathamanga kuposa nzeru, ndipo ndinangozimva ndikunena kuti, "N'chifukwa chake ena amati ukwati ndi ndende ya makatani okongola."

Kumzere womaliza dzanja linakwera. Linali la bambo anga.

Mafoni onse anatembenukira kumtunda. A Wachiwiri anamwetulira, kudikira kuti nkhwangwa igwe.

"Funso, aphunzitsi," anatero Bambo. Sanalankhule ngati ali pamzere wa ana. Mawu awo anali aang'ono moti sindikanawazindikira ndikanapanda kuwaona.

"Funsani, Bambo."

"Mawu a makataniwo mnyamata uja anawamva kwa iwe. Zimenezo ndinazidziwa tsiku lomwe ndinaona kanema. M'mabuku mulibe." Anatembenuza chipewa m'manja. "Ine ndinawamva kamodzi kokha, ndili kuseri kwa nyuzi, ndipo ndinkayesa mwini wake anawaiwala kalekale. Chimene ndikufuna kudziwa n'chimodzi. Amayi ako anakuuza liti?"

Ndinali ndi mfundo zonse za kumawindo zokonzeka, zokoma, zoona, zoti ndigwetsere zimene ndinanena. Ndinali ndisanawoloke.

"Bambo, phunziro silinathe. Dikirani ndipite mbali inayo."

"Chaka chatha? Kapena uli mwana?"

"Nditamaliza sekondale," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene akuwerengera zaka mumtima. Anaimirira n'kuyamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, a Wachiwiri akuwatsatira ndi chikwama chawo. Analunjika kuchitseko kumene ndinaima. Ana ena anayamba kuwomba m'manja, kuganiza kuti membala wa khonsolo wasankha mbali yamasiye. Bambo sanasankhe mbali iliyonse. Ankangofuna potulukira.

Atatsegula chitseko anakumana maso ndi maso ndi Komano, amene anatsala pang'ono kugwera mkati.

"Ndiwe wa makatani?" anafunsa Bambo.

"Ndine, bwana. Pepani."

Sabata yonse ndinamupempha liwu limenelo, anakana. Analinena tsopano, pakhonde, pamene linalibenso ntchito.

"Usapepese kwa ine, sunaname," anatero Bambo. "Za mawa ku khonsolo sindikudziwa. Koma Loweruka usabwere. Kunyumba kwanga kuli mlandu wina, wakale kuposa wako."

Anavala chipewa n'kumapita. A Wachiwiri anathamangira kutsogolo kukatsegula galimoto, koma asanakhote anatembenuka n'kundiuza kuti ndikawaone ku ofesi ndikamaliza, ndipo sanatchule za tiyi.

Komano anandiyang'ana. "Ndinakuuza kuti uwerenge manotsi."

"Ukalankhulanso ndikwatiwa ndi tayi ija."

Ndinatembenukira ku kalasi. Ana onse anaweramira pa mafoni, zala zikuthamanga. Palibe anadikira kuti ndiwoloke. Foni yanga inanjenjemera m'thumba, ndipo ndinadziwa mwini uthengawo ndisanaitulutse. Anali Amayi.

"Azakhali ako anditumizira kanema wina. Uwauze bambo ako asafulumire kubwera. Ndikutsitsa makatani."